Ola la Magazi

Zaka makumi atatu pakhonde la golosale pa Dwangwa
ndakhala ndikutsegula mimba za mawotchi,
kagalasi kali padiso lamanja,
kupana timano tating'ono ngati njere za mpiru.
Sindinkadziwa kuti nanenso ndili ndi kawaya
koti tsiku lina kadzachita dzimbiri.

Zinayamba ndi chipewa.
Chomwechija, chimene ndinagula Tiferanji akadali kumsana,
chinayamba kuluma ngati mwalowa linthumbu.
Chipeso nacho chinasanduka minga.
M'mawa mapewa ankakana kulowa m'malaya.

Kenako mzimbe.
Ine mwana wa konkuno, wosenda ndi mano
mathirakitala akagwetsa panjira,
mfundo ziwiri zokha, nsagwada zalema
ngati ndakwera nazo phiri.
Ndipume. Nditafunenso. Zalemanso.
Anyamata a kabaza kuseka: madala, ukalamba subisika.

Mayi a kunyumba anati ndi litsipa,
anaitana alamu anga ndi lezala latsopano.
Mphini zitatu uku, zitatu uku,
phulusa lakuda, panado awiri.
Mtsempha wa pakati pa diso ndi khutu
unangotupa chitupire, kuuma ngati chingwe cha buleki,
ukaukhudza, zii.
Ine amene ndimamva wotchi ikugunda m'thumba la mwini wake
sindinamve kuti kwanga kwayima.

Lachinayi m'mawa, ndikubwezera muvi wa masekondi
pawotchi ya aphunzitsi ena a ku Nkhunga,
wina anakoka katani m'diso lamanja.
Ndinapukuta kagalasi ndi malaya.
Katani anatseguka. Ndinamaliza ntchito, ndinalandira zanga.
Loweruka anakokanso,
ndipo mpaka lero sanabwere kudzatsegula.

Kuchipatala cha kuboma, dokotala wamng'ono kwa Tiferanji
sanafunse za amene ndinayambana nawo.
Anafunsa za chipeso. Anafunsa za kutafuna.
Anaika chala pambali pa mphini,
nakhala chete nthawi yaitali.
Magazi anga anawaimika m'kachubu kopyapyala,
ati tione kuti pa ola limodzi atsika bwanji.
Ndinavula wotchi yanga kuti ndiwerenge nawo.
Anatsika msanga, ngati mchenga m'ndowa ya madzi.

"Mitsempha yatupa m'kati, bambo,
njira ya magazi opita kumaso yapanikizika.
Lamanjali mwina lapita.
Tikulimbirana lamanzere."
Mapiritsi oyamba ndinamwera pomwepo, chiimirire,
ndi madzi a m'botolo la mlonda.

Panopa masaya afufuma ngati mandasi,
njala imandidzutsa tambala asanalire,
mwezi ndi mwezi andibaya chala kuyeza shuga.
Ati osasiya mwadzidzidzi, tizichotsera pang'onopang'ono,
monga umamasulira sipuling'i
kuti isakuthawire m'udzu.
Pa zonse zimene ananena
izi ndiye ndinazimva popanda kubwereza.

Alamu anga sabweranso kunyumba.
Ndinawatumizira mawu kuti lezala silinalakwe,
linangogogoda pakhomo pomwe mlendo anali kale m'kati.
Sanayankhe.

Chipewa ndavalanso.
Kagalasi ndikukazoloweretsa diso lamanzere;
ndi lamwano, limaphethira, limakhetsa misozi,
kasikuluwu kakagwa limafunafuna kolakwika.
Makasitomala achepa, nthawi akuionera pafoni,
ndipo sindikudandaula kwenikweni,
wotchi imodzi ikundikwanira tsiku lonse.

Dzulo kunabwera a Mtambalika, okhoma zidebe aja,
akuvula chisoti pang'onopang'ono ngati muli singano,
ati angofuna batire.
Ndinawayang'ana ndi diso langa limodzili
pamene pamadutsa kamtsempha paja.
Ndinakoka mpando ndi phazi.
Ndinati batire idikire, khalani pansi,
tandiuzani kaye:
mukamatafuna chimanga chootcha,
mumafika mzere wachingati?