Sefa Yanga Ili Kuti, Bohumil?

Sefa yanga ili kuti, Bohumil?
Ndafunsa ndili pamwamba pa masitepe,
ndipo yoyamba kuyankha ndi sitima, ndi kalikhweru kake,
kenako iwe: “Ndikusefera udzu.”
Udzu! Utuchi wa kwa kalipentala Vondra,
wogona mu utoto wobiriwira usiku wonse
n’kuyanikidwa pa nyuzipepala ya dzana.

Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu
unkaumba mano oikirira a anthu a mu Trutnov.
Theka la tauni ino limatafuna ndi ntchito ya manja ako.
Lero pulasitala yemweyo wasanduka phiri
londifika m’chiuno,
ndipo ukulikanda ndi kachitsulo kotokosera m’kamwa
kuti thanthwe lioneke long’aluka ndi chisanu.

Za m’nyumba muno zatha kusamukira pansi.
Siponji yotsukira mbale ndi nkhalango tsopano.
Nsenga za khofi wa Lamulungu ndi munda wolima kumene.
Mswachi wanga wakale ndinaupeza uli bango
m’mbali mwa kamtsinje ka guluu
kosapita kulikonse.
Chipale chofewa cha padenga la siteshoni
ndi soda wanga wophikira makeke,
pamene chenicheni chaunjikana pakhomo
kudikira munthu wa fosholo.

Koma chinandiwawa ndi ngolo ija.
Ndinagula ine, ku Hradec, ya tsiku lako lobadwa,
yonyezimira ngati nsapato ya mkwati.
Mtengo wake sindinena.
Pofika Lachitatu unali utaipaka mwaye,
dzimbiri likutsika pazitseko ngati misozi youma,
thabwa limodzi utalithyola dala ndi mpeni,
nambala utaifufuta n’kulembapo ina
ndi kaburashi ka timaubweya titatu.
Ndinati, wawononga.
Unati, “Ngolo yoyera sinanyamulepo kanthu, Jarmila.
Angaikhulupirire ndani?”
Ndinakwera masitepe osayankha,
ndipo usiku umenewo supu unamwa wozizira.

Lero ndatsika ndekha, iwe uli kwa dokotala wa maso.
Ndimafuna sefa basi.
Ndayatsa getsi, dziko lako lonse mbee:
ng’ombe zisanu zowerama zosadya,
mlonda wa pamphambano atakweza dzanja
kuyambira chilimwe chatha,
ngolo yanga yokalambitsidwa itaima pasiteshoni.
Ndawerama ndi galasi lako lokulitsa zinthu.
Nambala ija: 14-9-71.
Maondo aizindikira mutu usanaizindikire.
Ndipo pambali pake kamkazi,
msinkhu wa njere ya mpunga,
chijasi chabuluu, sutikesi yomanga ndi chingwe,
ambulera yofiira m’dzanja.

Chijasicho ndi changa.
Chingwecho ndachikumbuka, chinali cha makatani a mayi.
Koma ambulera yofiira sindinakhalepo nayo.
Ndakhala pampando wako ola lathunthu
ndikufunsa kamkaziko kuti ndi ya yani.
Iko duu, maso ku njanji.

Wabwera, diso limodzi lomata thonje,
ndakulozera osalankhula.
Waseka mpaka kutsokomola.
“Unaiiwala m’sitima muja.
Ndinathamangira mpaka kothera pulatifomu,
ndinagwa, bondo ili limanena mpaka lero.
Pano ndakubwezera.”

Sindikukumbukabe. Mwina ukunama.
Munthu wopanga dzimbiri ndi utoto
angalephere bwanji kupanga dzulo?
Koma ndaona kuti kuseri kwa phiri kudakali maliseche,
pulasitala wopanda ngakhale kachitsamba,
ndipo manja ako ayamba kunjenjemera
akayandikira tinthu tating’ono.

Ndavula mphete, ndapinda manja a juzi.
Ndipatse guluuyo.
Sefa ugwire ndiwe, utuchi ndithira ine,
osadzaza pamodzimodzi, udzu wa m’phiri sumera choncho.
Koma Loweruka ndiipeze m’khitchini, wamva?
Yotsuka.