Kalata Ija Ndinasaina Ndine

Cholembera chinali cha inki yabuluu, ndikukumbukira,
ndipo mvula ya ku Grimsby inkawaza pawindo
ngati ikufuna kuwerenga nawo.
Corey Blanshard, wa zaka khumi ndi zinayi:
wachotsedwa sukulu, asadzapondenso pano.
Mlandu: anaponya mpando.
Mpandowo sunagunde munthu. Unagunda belu.
Zimenezi sindinalembe, pafomu panalibe mpata.

Mayi ake anabwera asanavule yunifolomu ya kuntchito,
m'manja muli envelopu yotupa ndi mapepala a madokotala.
Anati, "Belu limamuboola m'mutu mwanayu.
Ndinapempha kuti muzimutulutsa lisanalire,
mphindi ziwiri zokha."
Ndinayankha kuti tikachitira mmodzi
ana mazana asanu ndi awiri adzafuna zomwezo.
Anandiyang'ana nthawi yaitali,
kenako anapinda mapepala aja pang'onopang'ono
monga apindira zovala za munthu womwalira.

Papita zaka zisanu ndi chimodzi. Ndinapuma ntchito.
Loweruka lapitali ndinatsikira kudoko
kukagula nsomba zowamba, kuja utsi
umakanirira m'chikhoti mpaka Lolemba,
ndipo kuseri kwa kauntala, pakati pa zitsulo zopachikapo nsomba,
kunali msana umene ndinauzindikira
ndisanaone nkhope.

Watalika. Kumakutu wavala zotsekera phokoso zachikasu
zonga za anthu oswa msewu.
Akutenga nsomba imodzi, kuiunika powala, kuipachika,
kusiya mpata wa zala zitatu, n'kutenga ina.
Sakuthamanga. Palibe womuthamangitsa.

Mwini malowo, Bambo Osgodby, a ndevu zonunkha utuchi,
anaona kumene maso anga akakamira.
"Anabwera naye mayi wina wa kukhonsolo, Maureen.
Milungu khumi anaima pambali pake,
kujambula ntchito iliyonse n'kumata zithunzi pakhoma.
Kenako anayamba kuima pakhomo.
Kenako anasiya kubwera.
Mwezi woyamba mnyamatayu anathawa kawiri,
ndinkakamupeza pasiteji ya basi, manja ali kumakutu.
Ndinatsala pang'ono kumutaya, ndisaname.
Tinali ndi kabelu kotiuza kuti m'ng'anjo zapsa.
Ndinakazula, n'kuikapo getsi lofiira.
Mapaundi khumi ndi awiri, ndi sikuludiraiva yobwereka."

Mapaundi khumi ndi awiri.
Ndinagwira kauntala, maondo anali atandithawa.

Corey anabwera ndi thireyi, anandiona, sanadzidzimuke.
Anasuntha chotsekera cha khutu limodzi.
"Mayi Threlfall. Ofesi yoyandikana ndi masitepe. Munkanunkha khofi."
M'mawu mwake munalibe mkwiyo, munalibenso chikhululuko,
ankangotchula zimene zinalipo
monga munthu awerengera katundu pashelefu.
Ndinali nalo liwu loti pepa, ndalisunga zaka zonsezi,
koma linapingasa pakhosi ngati munga wa nsomba
ndipo chimene chinatuluka n'choti, "Ziwiri, chonde."

Anasankha yekha. Ina anaibweza,
"Iyi ayi, utsi sunailowe bwino."
Anakulunga m'pepala, makona onse ofanana,
ndipo chenji anachiwerenga kawiri, mokweza,
akuika m'dzanja lomwe lija.
Getsi lofiira linayaka kumbuyo kwake,
anatembenuka n'kupita osatsazika. Anali pantchito.

Kwathu ndi misewu itatu kuchokera kusukulu ija.
Mphepo ikamachokera kunyanja ndimalimva belulo,
mphindi khumi isanakwane naini, tsiku ndi tsiku.
Usiku uno ndalembera mphunzitsi wamkulu watsopano
za mtengo wa getsi ndi za mphindi ziwiri.
Kaya adzaiwerenga, ali ndi mafomu ake nayenso.

Chaka chija ndinasaina makalata asanu ndi anayi.
Mwana mmodzi ndadziwa kumene ali.
Nsomba zija zikadali m'furiji, sindinazimasule,
ndipo khitchini yonse yadzaza utsi wake.