Mbala Yopanda Mapazi

Ku Huddersfield mvula siodira,
imangolowa m'khosi mwa jekete.
Ndili pa shifiti ya usiku koyeretsera madzi,
ine, Desmond, ndi masikirini asanu
otiyang'ana osaphethira.

Mpanda ulipo, waya waminga, makamera,
mlonda wa ndevu zofiira pageti.
Koma mbala ya masiku ano sidumpha mpanda,
siuwitsa agalu, siponda matope.

Itangokwana thu koloko
kamuvi ka pa sikirini kanasuntha kokha.
Ndinayang'ana dzanja langa: lili pa kapu ya tiyi.
La Desmond lili m'paketi ya mabisiketi.
Kamuvi kanayenda modekha ngati mwini nyumba,
kanatsegula tsamba la mankhwala a m'madzi,
kanafufuta nambala
n'kulemba ina, yowonjezera ziro.

Ziro mmodzi. Kadzira kopanda kanthu m'kati.
Koma kuseri kwake kuli botolo la khanda
limene mayi adzasungunulire mkaka mbandakucha,
kuli nkhalamba ya pa Leeds Road
yomwera mapiritsi madzi a pampopi.

Sindinakuwe. Malovu anauma.
Ndinagwada pansi pa desiki, fumbi m'mphuno,
n'kuzula chingwe chabuluu
monga tizulira chisoso, ndi mizu yomwe.
Desmond anatola tochi.
Tinathamangira panja, mvula ikutiwomba mbama,
kukapotokola valavu ndi manja,
chitsulo chozizira, chadzimbiri,
chimene sichidziwa pasiwedi ya munthu aliyense.

Kutacha anafika akatswiri ndi malaputopu awo.
Kuona maso a nkhono n'kudekha:
anafufuza masiku atatu
mpaka anapeza kabokosi kotuwa kuseri kwa kabati,
kosiyidwa ndi kontilakitala wina kalekale
kuti azikonza mapampu ali kwawo pa sofa.
Iye anapuma ntchito, mwina anatsikira kuli chete,
koma khomo lake linatsala chitsegukire,
kiyi wake dzina la galu: Biscuit1.

Desmond anaseka mpaka misozi,
kenako anakankhira paketi yake kutali.

Wakubayo sitimudziwa nkhope.
Kaya ndi mnyamata wosowa tulo,
kaya ndi gulu lolipidwa kutsidya la nyanja,
anangosiya manambala, mapazi a mphepo.

Popita kunyumba ndinakwera basi ya sikisi.
Mazenera a makhitchini akuyaka limodzilimodzi,
maketulo akudzazidwa,
mwana wasukulu akutsuka mano akusinza.
Palibe anandiyang'ana. Ndi mmene ziyenera kukhalira.

Mchemwali wanga Tiyanjane akaimba foni kuchokera ku Balaka
amafunsa, kodi ntchito yako kwenikweni ndi yotani?
Ndimati ndine mlonda.
Amati, sukulu yonse ija?
Ndimati eya, mlonda wa zitseko zosaoneka,
ndipo m'chikhatho mwanga mudakali mzere wa dzimbiri
umene sopo wa kuno akukanika kuchotsa.