Nkhoswe ya Dzimbiri

Ine ntchito yanga ndi kuwotcherera.
Kuseri kwa msika wa Kapata ndimalumikiza njinga zothyoka msana,
ndipo okosijeni ndimamudziwa: amabwera m'silinda,
wolemera ngati ngongole.

Tikambenji, mwana wa mlongo wanga, wabwera ku maphunziro
ndi botolo la jamu, mawaya awiri, sola yong'aluka pakona.
Akuti, Malume, mpweya mumagulawo uli m'madzi.
Madzi ndi banja lakalekale,
haidrojeni awiri, okosijeni mmodzi, mitala yosakangana.
Ine ndikufuna kulithetsa.

Ndaona ndi maso angawa.
Ku waya wina thovu likubwata, haidrojeni wamanga katundu,
sacheuka.
Ku waya winayu, zii.
Okosijeni ndi nkhutukumve. Satuluka yekha, amadikira mnzake,
ndipo asanadzuke pampando
umulande maelekitironi anayi, limodzilimodzi,
ngati kuzula minga kuphazi la mwana.
Magetsi ambiri amathera pomunyengerera.

Pakufunika nkhoswe, akutero,
yomugwira dzanja koma osafinya.
Ikagwiritsa, sachoka.
Ikalekerera, sayandikira n'komwe.
Ilipo yodziwa mlanduwu, dzina lake iridiyamu,
koma kuti ikhale pamphasa pako
gulitsa kaye khola lonse, ndi ngolo yomwe.

Ndiye amatola zotaya zanga,
misomali, masipoko opindika, nikelo wa m'mabatire akufa.
Dzimbiri limene ndalipala zaka makumi atatu,
ndikulitukwana,
iye akulipaka pa nikelo mofatsa
ngati mafuta pa liwombo la khanda.

Lachiwiri chitsulo chinanyenyeka.
Lachinayi madzi anangoti bii.
Analemba m'kope, sanalankhule,
anakukuta chimanga chootcha chitazizira kale.

Sabata yachitatu, dzuwa lili paliwombo, phiri la Kanjala likunyezimira,
anandikoka ovolosi. Ndinazimitsa moto.
Tithovu, tochepa ngati njere za fodya,
tikukwera mondondozana ku waya wosalankhula uja,
osapumira.

Ndinafunsa, nanga silinda yanga idzadzaza liti?
Anawerenga pa zala, kenako pa foni,
n'kuseka mpaka kutsokomola.
Malume, musasiye kaye kugula.
Funso langa n'lakuti nkhosweyi ikhala masiku angati isanatope.

Madzulo ndinasesa pansi pa benchi monga mwa masiku onse.
Dzimbiri ndinaliwolera m'chitini cha mkaka,
ndinayang'ana kudzala,
kenako ndinachiika pashelefu, pafupi ndi magalasi anga akuda.