Wayilesi ya pa Balani

Usiku wachitatu fodya ali m'balani,
ine ndi moto sitigona.
Chikuni cha bulugamu chikalowa m'ng'anjo
ndimapukuta manja, ndimakweza mlongoti
womwe ndinaulumikiza ndi sipoko ya njinga,
n'kusaka liwu lija pakati pa mkokomo.

Pano pa Lisasadzi amati Elifala wapenga:
anzake akumvera mpira ndi nyimbo zovina,
iye watchera khutu kwa azibambo okhosomolera m'mabuku.
Alekeni anene.
Lolemba munthu wina wa ku yunivesite
anati kuwala kwa nyenyezi ndi nkhani yakale,
kalata yotumizidwa makolo athu asanabadwe,
mwina mwini wake anazima kale.
Ndinatuluka, ndinayang'ana kumwamba nthawi yaitali,
kutentha m'balani kunatsika madigiri anayi
ndipo kapitawo Zefaniya anandidula tikiti ya tsikulo.

Lachitatu amakambirana za ndale.
Atatu pa tebulo, palibe wotukwana mnzake,
"ndiloleni ndimalize," "malizani, bwana,"
mpaka anafika pa mitengo ya ku Chinkhoma.
Ndinayankha mokweza, mfundo ndinali nayo,
koma wayilesi ili ndi pakamwa pokha.

Ndiye pali Lachisanu.
Mayi wa mawu ofatsa amawerenga ndakatulo imodzi kawiri,
kenako amatsekulira azeze makumi anayi
opanda ng'oma, opanda woimba, opanda povinira.
Poyamba ndinadikira kuti nyimbo iyamba liti.
Inatha ndikudikirabe.
Sabata yachinayi ndi pamene ndinamva:
kazeze kakang'ono kafunsa,
wamkulu wa mawu a nkhunzi akuyankha mochedwa
monga ankayankhira malemu bambo anga,
ndipo onse akalowa pamodzi
ndi mvula yoyamba yochokera ku Santhe,
ija umaimva pa malata a eni ake
isanafike pa udzu wako.

Mabatire ndimawayanika padzuwa masana
kuti andikongoze ola limodzi.
Dzulo anafera pakati pa chiganizo:
"n'chifukwa chake nthawi si..."
Si chiyani? Ndasenza funsoli tsiku lonse
pamodzi ndi nkhuni.

Ndinawalemberapo kalata, kuseri kwa lisiti la feteleza,
kufunsa ngati utsi wa balani lino umafika kwa nyenyezi.
Anaiwerenga patatha miyezi iwiri.
Dzina langa analipinda, Kachiwanda n'kukhala Kachiwamba,
koma pulofesayo sanaseke.
Anati ndi funso labwino,
nayankha mphindi zisanu ndi ziwiri, ndinawerenga ndekha.
Sufika, anatero. Umatsala nafe konkuno.

Tambala woyamba.
Masamba m'katimu asanduka golide
amene sindidzamugwira m'manja.
Ndiponya chikuni china,
ndigwedeza wayilesi pafupi ndi khutu:
mwina mwatsalira kadontho ka zeze.