Makina a Yotamu

Ku Kapata, kuseri kwa ogulitsa salaula,
Yotamu akupukuta fumbi
pa makina amasewera asanu ndi awiri.
Anagulitsa njinga ndi fodya wa chaka chonse
atamva kuti awa ndiwo a mawa.

Kutsidya kwa nyanja, akuluakulu a kampani
anapepesa atavala masuti, n'kutseka fakitale.
Kuno palibe anamuuza.

Masewera atsopano sakubwera.
Alipo ndi amodzi omwewo:
kamunthu kothamanga, kogwera m'dzenje,
osatulukamo.
Batani lofiira linamira, silidzukanso.
Ana amangosuzumira
n'kubwerera ku mafoni awo.

Lero mphepo yavuta.
Mkazi wake wanyamula makina amodzi,
wachirikizira chitseko.
Yotamu wayang'ana nthawi yaitali.
"Aka n'koyamba kugwira ntchito," watero.