Dzanja la Bambo

Mapiri a ku Carrara ali mbee,
alendo amayesa chipale chofewa.
Ife timadziwa kuti ndi mabala.
Bambo anga, a Duilio, anasiyako zala ziwiri
chaka chomwe ine ndinabadwa.

Miyezi itatu ndinangojambula dzanja lawo ndi khala:
litagwira kapu ya khofi,
likuwerenga ndalama zosakwana,
litagona patebulo ngati nkhanu yotopa.
Mapepala anatha, zikhadabo zanga zinada bii.
Mayi Tecla, aphunzitsi, anangoti,
"Nerina, diso lako ndi lothamanga.
Lidikire dzanja."

Kenaka dongo, lozizira, lomvera ngati mwana watulo.
Kenaka mwala, wosamva za munthu.

Kutsidya kwa msewu kuli loboti yosema.
Siigona, siituluka matuza.
Mnzanga Ottone amaiuza zofuna zake madzulo,
mawa lake n'kupeza mngelo ali chilili,
wosalala, wopanda chomunenera.
Sindimuda Ottone.
Koma iye sadziwa kuti nsangalabwi imalira mawu awiri:
ngwee ikakhala yamoyo,
phu ikabisa nthenda m'kati.
Sadziwa kunjenjemera kuja kochokera kunyundo
kumene kumakwera mkono n'kukagona m'mano.

Ine ndimaweruka tsitsi lili mbuu,
nkhalamba ya zaka makumi awiri,
mkate wanga ukulawa fumbi,
ndipo m'basi ndimadzipeza ndikusisita mpando
ngati ndiufunse kumene ukupindikira.

Chinsinsi changa chinali ichi:
m'mwala ndidzawabwezera zala zonse zisanu.

Lachinayi, mvula ikugwa padenga la malata,
ndinafika pachala cha mphete.
Nyundo sinalakwe, ndikulumbira.
Munali mtsempha wotuwa m'katimo,
wobisala chilengedwere phiri.
Thyo!
Chala chinagudubuka pansi pa benchi,
kachala kakang'ono n'kutsatira
ngati mwana wokana kutsala.

Ndinakhala pansi. Sindinalire msanga.

Bambo anabwera Loweruka atavala jekete la kutchalitchi.
Anazungulira kawiri, chipewa m'manja,
n'kusanjika dzanja lawo pambali pa linzake lamwalalo,
zitatu kuno, zitatu uko.
Anaseka mpaka kutsokomola.
"Phiri ili silibweza ngongole, mwanawe.
Koma taona, landikumbukira."

Zala ziwirizo zili m'thumba la epuloni yanga.
Ndikamasema zimagundana, zikunong'onezana.
Mabalawo sindinawasalaze.
Ndinawasiya aukali momwemo,
kuti wokhudza aliyense achekeke pang'ono.